A Mlongoti ndi Sewero la ku Hotela

M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, a Mlongoti ankatuluka ndi malaya osamanga mabatani n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Kumeneko kunali paipi yachitsulo yozikika m'simenti. Ankaigwira ndi dzanja limodzi n'kuigwedeza pang'ono, ngati mmene mayi amagwedezera mwana pofuna kudziwa ngati wagonadi. Kenako ankakweza maso kuitsatira mpaka kunsonga kumene kunali eriyo, chitsulo cha nthiti zambiri chija chimene chimakoka zithunzi za pa kanema. Akatero ankayang'ana madenga a anzawo mumzere wonse, limodzilimodzi. Akaona kuti palibe amene wawapitirira, ankakasamba ndi mtima pansi.

Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Mumsewu monse, kuyambira wogulitsa makala pakona mpaka ana a sukulu, ankangoti a Mlongoti, ndipo iwo ankayankha mosangalala. Poyamba anali okhoma malata. Makanema atayamba kulowa m'nyumba za anthu wamba, eni nyumba ankafuna munthu wa miyendo yosanjenjemera pa denga, ndipo iwo anali nayo miyendo yotero, yopyapyala ngati makwerero awo omwe. Anagula sipanala, pulayasi ndi mpukutu wa waya, basi ntchito n'kusintha.

Ntchito imeneyi sagwira munthu mmodzi. Wapadenga saona kanema, wapakanema saona denga. Pamafunika wina m'nyumba woti azikuwa. Akazi awo anawapeza chonchi. Nthawi imeneyo mayiwo anali mtsikana wolera ana panyumba ina ya mpanda, ndipo abwana pochoka anamuuza kuti aime pa kanema aziuza mmisiri. A Mlongoti ali pamwamba anangomva mawu akutuluka pawindo, osathamanga, osaopa: "Pang'ono. Pang'ononso. Mwapitirira, achimwene, bwererani. Basi, pomwepo, musapumenso." Nkhope anali asanaione. Akuti waya wa panyumba imeneyo anavuta modabwitsa chaka chimenecho, moti mmisiri ankangobwerabwera, mpaka abwana anatopa n'kunena kuti, "Tangomukwatirani, kanema wanga apume."

Tsopano anali ndi imvi, ana awiri ndi mdzukulu wa m'manja. Mwana woyamba anali dalaivala wa lole, ndipo ankagona kuchipinda cha kuseri ndi mkazi wake, mpongozi wa a Mlongoti, mtsikana wofatsa amene mawu ake ankathera pachibwano. Mzime anali wamkazi, wa ku sekondale. Dzuwa likalowa onse ankasonkhana pabalaza. Kanema anali mmodzi, tchanelo chimodzi, ndipo rimoti inkangogwira ntchito yokweza ndi kutsitsa mawu. Mayi ankakhala pa mpando wapulasitiki atatsamira kapilo ka maluwa ofiira, mbale ya nyemba zosankha ili pamiyendo. A Mlongoti ankakhala pambali pawo, mabondo atagundana pang'ono. Sanali anthu ocheza kwambiri masana, awiriwa. Macheza awo anali amenewa.

Koma a Mlongoti anali ndi matenda amodzi. Ali mwana anamva ku Sande sukulu nkhani yakalekale ija ya anthu amene ankalankhula chinenero chimodzi, n'kugwirizana zoumba njerwa kuti amange nsanja yokafika kumwamba. Mwini kumwambako anawasokoneza malilime, wopempha njerwa n'kumapatsidwa madzi, mpaka aliyense anatola zake n'kulowera kwake. Nkhani imeneyi inawalowa m'mafupa. Ankaiona paliponse. Akaonetsa filimu ya msilikali wosirira mpando wa abwana ake, iwo ankati, "Nsanja yomweyo." Oimba anayi akatchuka ndi nyimbo imodzi, iwo ankati, "Dikirani, pofika chaka chamawa aliyense akhala ndi gulu lake." Ngakhale zidole za ana, kagalu kakamasanja mipando kuti kafikire soseji pa shelefu, ankaloza ndi chala: "Mwaona? Opanga mafilimuwa alibe nkhani yawoyawo. Amangoiveka jekete lina."

Chowawa chinali chakuti nthawi zambiri ankalondola.

Mayi anali ndi sewero lawo la pamtima, limene pakhomopo ankangoti za ku hotela. Linali la bambo wina wa hotela amene ankangowonjezera nyumba pamwamba pa inzake, ana ake akukanganirana makiyi. Likayamba, ngakhale nyemba zinkaiwalika.

"Agwa uyu," ankatero a Mlongoti, nyimbo yoyambira isanathe.

"Musiyeni agwe yekha, bambo. Mukumukankhiranji?"

"Sindikumukankha. Ndikungoti anawo sadzayankhulananso. Wa ndevuyo ayamba."

"Munalemba ndinu?"

"Analemba kalekale, mayi. Ine ndimangowerenga."

Mayi ankangopukusa mutu n'kukweza mawu a kanema.

Zinthu zinayamba kupendekeka madishi a kanema atabwera. Mbale zoyera zija zinayamba kumera pa makoma a anthu, ndipo oitana a Mlongoti anachepa. Wina anachita kuwauza pamaso kuti eriyo ndi ya agogo. Mawu amenewo anagona nawo, n'kudzuka nawo. Iwo ankakhulupirira kuti mumlengalengamu zithunzi zilimo zambirimbiri, zimangodutsa pamwamba pa anthu ofupika. Anapita kwa wowotcherera zitsulo n'kubwera ndi paipi ina. Anailumikiza, n'kuikoka ndi mawaya kumbali zonse kuti mphepo isaigwetse. Waya wina anakamangirira pa mtengo woyanikira zovala, moti mpongozi poyanika matewera ankachita kuwerama.

Ndipo zinabweradi. Tsiku limenelo pa kanema panatulukira bambo wa taye akuwerenga nkhani m'chinenero chomveka ngati munthu akutsuka m'kamwa. Palibe anamva kanthu, koma a Mlongoti anaitana wamakala ndi mlonda wa kusitolo kuti adzaone. Paipi yachitatu inabweretsa mpira wa kutali, osewera ake akuoneka ngati ali m'chimvula. Yachinayi inabweretsa atsikana ovina atavala zonyezimira. Anthu odutsa mumsewu anayamba kuima n'kumayang'ana kumwamba, ndipo oyendetsa njinga za hayala ankauzana kuti, "Ukafika pa mlongoti wautali, ukhotere kumanzere." A Mlongoti atamva zimenezo anayenda ngati avala nsapato zatsopano.

Vuto lake, eriyo ili ngati munthu, siyang'ana mbali ziwiri nthawi imodzi. Mpira unkachokera kotulukira dzuwa. Zovina zinkachokera kumbali ya thanki ya madzi. Za ku hotela zinali kumene zinali kale, cha ku chigayo. Tsopano bambo akakwera pa denga kukapotokola, m'nyumba munkatuluka mawu atatu.

"Pomwepo, adadi, musakhudzenso," ankatero Dalaivala mpira ukangooneka.

"Ayi, pitirizani, sizinafike," ankatero Mzime.

"Bwererani kumene munachoka," ankatero mayi.

Dalaivala ndi Mzime, amene kale ankadyera mbale imodzi, anayamba kubisirana rimoti. Tsiku lina inapezeka m'thumba la matewera. Lina inapezeka m'poto. A Mlongoti zonsezi ankaziona ngati phokoso la ana. Mtima wawo unali pa tchanelo china chimene chinangowalira kamodzi n'kuzimiririka, chooneka ngati cha nyama za m'nyanja. Ankati chimabwera kukakhala mitambo ndi kamphepo kozizira.

Madzulo ena mitambo ija inabweradi, ndipo inabwera pa nthawi ya za ku hotela. Mu sewerolo mkazi wa mwini hotela anali ataima pa masitepe, chikwama m'manja, akutsegula pakamwa kuti anene zimene anazisunga zaka zonse. Mayi anali atasendera kutsogolo kwa mpando. Sanaone n'komwe kuti mpando wa pambali pawo unali wopanda munthu. Kenako nkhope ya mayi wa chikwama inapindika, n'kusanduka mchenga, ndipo mumchengamo munatuluka bambo wonenepa akusisita tayala la thirakitala, akulankhula zosamveka.

"Zabwera?" anafunsa a Mlongoti ali pa denga.

M'nyumba munali zii.

"Mayi, ndati zabwera?"

Anadikira mawu aja amene anawazolowera kuyambira unyamata. M'malo mwake anamva chitseko. Ali pamwambapo anaona akazi awo akudutsa msewu, kapilo ka maluwa ofiira kali m'khwapa, osathamanga, osacheuka. Analowa kwa a Telala.

A Telala anali mayi wamasiye wa pakamwa posachedwa, amene ankasoka pakhonde masana n'kulowetsa makina madzulo. Kanema wawo anali wamng'ono, wokhala pamwamba pa kabati pakati pa milu ya nsalu. Eriyo yawo inali limu ya njinga yomangirira ku mtengo wa tsache. A Mlongoti ankati akaiona mano amawayabwa. Anali atadziperekapo kangapo kuti awaikire yeniyeni, koma a Telala ankati, "Yangayi siisamukasamuka."

Mayi anabwerako sewero litatha, n'kupakula chakudya bwinobwino, osakalipa. Mawa lake dzuwa litapendeka anatenganso kapilo kawo. Mkuja chimodzimodzi. Kenako kapiloko sikankabwereranso, kanangokhala konko.

Pabalaza panayamba kuphwa ngati chithaphwi. Dalaivala anati mpira umakoma kuonera pagulu, n'kumapita kumene amaonetsa pa chinsalu chachikulu. Mzime anadzitsekera kuchipinda ndi foni ya mnzake, timawaya m'makutu. Anatsala a Mlongoti, matchanelo awo onse, ndi mpongozi amene ankakhala pamkeka pafupi ndi khomo akuyamwitsa.

"Apongozi," anatero tsiku lina, "ine ndikwera. Zikaoneka mundiuze."

"Chabwino, bambo."

Anakwera, napotokola, nadikira. Kunalibe mawu. Anapotokolanso. Pomaliza anatsika n'kusuzumira pawindo.

"Simunaone kanthu?"

"Zinaoneka, bambo. Nsomba zikuluzikulu."

"Nanga osanena?"

"Ndinanena, bambo."

Ananenadi, koma anauza mwana. Mtsikana woleredwa bwino angakuwire bwanji apongozi ake aamuna, iwo ali pamwamba pa mutu wake? Anagwirizana zoti azigogoda denga ndi mtengo wa mopu. Mpongozi anagogoda kamodzi kokha, mwana n'kudzidzimuka, kulira mpaka wamakala anabwera kudzafunsa ngati kwagwa munthu. Nsomba zija a Mlongoti sanazione.

Anakhala pansi n'kuyatsa bambo wa taye uja. Anamuyang'ana akutsuka m'kamwa mwake. Anatembenukira kumanzere kuti anene kanthu, n'kupeza mpando wapulasitiki uli ndi dzenje la kumene kunkakhala kapilo. Kutsidya kwa msewu kunamveka kuseka kwa azimayi, ndipo pakati pake anazindikira kuseka kwa akazi awo, kuja kothera m'chifuwa. Anayesa kukumbukira tsiku limene anakumva komaliza m'nyumba mwawo, osalipeza.

M'mawa mwake anakwera dzuwa lisanatenthe malata. Analozetsa eriyo ku chigayo, n'kumanga mabawuti onse mpaka sipanala inawasiyira chizindikiro m'manja. Pa tiyi anakonza kukhosi.

"Mayi, ndabwezeretsa. Za ku hotela zikuoneka mpaka ndolo za m'makutu. Sindikhudzanso."

"Mwachita bwino," anatero mayi akupaka majarini pa buledi. "Apongozi azionera."

"Nanga inu?"

"Ine ndazolowera kwa a Telala."

"Kuja munthu aliyense amaoneka ndi mthunzi wake pambali. Mumadziwa bwanji weniweni?"

"Timadziwa. Ndipo kumeneko munthu akakwera masitepe, timadikira tione ngati afike. Palibe amatiuziratu."

A Mlongoti anaika kapu pansi. "Ndiye ndalakwa kudziwa nkhani?"

"Nkhani mumaidziwa, bambo. Nsanja mumaiona mwa kagalu ka zidole komwe. Koma imene matewera a mdzukulu wanu akukolamo kuseriku, imeneyo ndiye simuiona."

Mzime, amene ankadutsa ndi chikwama cha sukulu, anatsamwa ndi kuseka n'kuthawira panja. Mpongozi anayang'ana pansi kwambiri, mapewa akugwedezeka.

"Wangawu ndi mlongoti wa ntchito," anatero a Mlongoti.

"Enawo ankati chiyani? Ankati akusewera?" Mayi anapukuta mpeni. "Ndikufunseni, poti ndinu aphunzitsi ake. Anthu anu omanga nsanjawo anali ndi akazi?"

"Ayenera kuti anali nawo."

"Ankatani amuna awo ali m'mwambamo?"

A Mlongoti anatsegula pakamwa. Nkhani ija ankaidziwa kuyambira njerwa yoyamba mpaka munthu womaliza kuchoka, koma mmenemo munalibe mkazi ngakhale mmodzi.

"Sananene," anatero.

"Ndiye za ku hotela zimanena. Inu mumaonera bambo uja kuti agwa liti. Ine sindinayambe ndamuonerapo ameneyo. Agwe, asagwe, n'zake. Ine ndimaonera mkazi wake."

Anatola makapu n'kulowa kukhitchini.

Tsiku limenelo a Mlongoti anali ndi kantchito kwa mphunzitsi wina wopuma, mmodzi mwa ochepa amene anakana dishi. Atamaliza sanatsike msanga. Anakhala pa nsonga ya denga, miyendo uku ndi uku. Zaka zonsezi akakwera ankayang'ana madenga ndi milongoti. Tsikuli anayang'ana pansi. Kuseri kwa nyumba iliyonse kunali munthu. Wina ankatsuka mapoto, wina ankaluka mnzake tsitsi, wina anangokhala pa ndowa yovundikira, manja pa masaya, akuyang'ana geti. Anaganiza za mayi wina wakalekale ataphika chakudya pansi pa nsanja, akuitana mwamuna wake amene wakwera mpaka mawu sakumufikanso. Mwina malilime asanasokonezeke n'komwe, mayiyo anali atasiya kale kuitana.

"A Mlongoti, mwakomoka?" anafunsa mphunzitsi ali pansi.

"Ayi, aphunzitsi. Ndikuona ngati yalimba."

Madzulo anasamba, n'kuvala malaya a kolala. Anazungulirazungulira pabalaza. Kanema wawo ankaonetsa za ku hotela mowala ngati pagalasi, mpongozi akuonera yekha mwaulemu, ngati wapatsidwa ntchito. Anatola kampando kawo kamatabwa kamene ankapondapo pokonza mawaya.

"Mukupita kukakonza kwina, bambo?" anafunsa mpongozi chapansipansi.

"Eya. Pafupi pompa."

Msewu umenewo anaudutsa kambirimbiri, koma tsikuli unatalika. Wamakala anawaona ndi kampando, n'kutsegula pakamwa, koma ataona kolala anangoti, "Mwaswera, bambo." Pakhomo pa a Telala panali nsapato za azimayi zitandandalikana. Pamwamba pake limu ya njinga ija inali itapendekeka, sipoko imodzi ikulendewera. Zala zawo zinayamba kuyenda zokha. Anaziika m'thumba.

"Odi."

"Lowani," anatero a Telala. Atawaona anavula magalasi. "Abale, taonani amene watsika kumwamba. Mwabwera ndi makwerero?"

"Ndabwera ndi mpando."

"Amake Dalaivala, katundu wanu uyu. Timulandire?"

Mayi sanachotse maso pa kanema. "Nyumba ndi yanu, a Telala."

"Chabwino. Koma pano pali malamulo, a Mlongoti. Eriyo yanga musaiyang'ane n'komwe. Ndipo mukangoti agwa uyu, ndikusokani milomo. Ulusi ndili nawo wa mtundu wanu."

Azimayi ena awiri amene anali pa benchi anaseka n'kupinda miyendo kuti adutse. M'chipindamo munkanunkhira nsalu zatsopano ndi mafuta a makina. Malo okha amene analipo anali pakati pa kabati ndi mpando wa akazi awo, pothina, pamwamba pakulendewera diresi la ukwati losamaliza. Anaika kampando pamenepo n'kukhala, mpendero wa diresilo ukuwakhudza pa dazi.

Pa kanema aliyense analidi ndi mthunzi wake. Mwini hotela anali pamwamba penipeni pa nyumba yake, mphepo ikukupiza taye, akuloza malo oti amangepo ina. Mwana wake wa ndevu anali kumbuyo, akuyang'ana msana wa bambo ake ndi diso loipa. A Mlongoti anamva mawu akukwera okha kuchokera m'mimba.

"Ameneyu a..."

Mitu yonse inatembenuka. A Telala anakweza singano.

"...ali ndi taye yabwino," anamaliza, n'kukhosomola.

Mayi anagwira pakamwa ndi nsonga ya nsalu yawo. Sanawayang'ane, koma chifuwa chinkagwedezeka.

Kenako chithunzi chinatsika pansi pa hotela, kuchipinda china chaching'ono kuseri kwa khitchini. Mayi wa chikwama uja anali atakhala pa bedi. Chikwama chinali pambali pake, chotseka. Ankangopinda kansalu, kukatambasula, n'kukapindanso. M'chipinda cha a Telala ngakhale wa pa benchi amene ankatafuna chingamu anasiya. A Mlongoti anafufuza m'mutu mwawo kuti zimenezi zithera pati, ndipo kwa nthawi yoyamba sanapezemo kanthu. Sankadziwa ngati mayiyo achoke kapena akhale. Sankadziwa n'komwe chimene ananena pa masitepe paja, tsiku lija iwo anamusiya ataima n'kukwera pa denga.

Otsatsa sopo atalowa, azimayi anayamba kukangana za chikwamacho. A Mlongoti anaweramira kwa akazi awo, bondo lawo likukhudza pang'ono la mayi, n'kulankhula motsitsa kuti a Telala asamve.

"Mayi, tasenderani kuno pang'ono. Mundiyambire poyambirira penipeni. Mayi uyu chinamufikitsa pa masitepe n'chiyani?"